Mphindi Zisanu pa Bwalo la Sukulu

Mphunzitsi wamkulu akatsiriza zolengeza za m'mawa, natembenukira kwa mlendo wochokera ku bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, nati ali ndi mphindi zisanu zokha, mlendoyo ayenera kuzindikira kuti waikizidwa chuma chosasewera nacho. Pakuti chikhazikitsire bungweli m'chaka cha 2003, gawo lalikulu la magazi opulumutsa odwala lakhala likuchokera kwa ophunzira a kusekondale ndi m'makoleji, kotero kuti sukulu zikatsekera, nkhokwe za magazi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka nazonso zimaphwa.

Chimene chimandiwawa mtima nchakuti alankhuli ambiri amathera mphindi zitatu pa malonje ndi mbiri ya bungwe lawo, ana ali chiimire padzuwa, maso ali ku belu. Ulemu ndi mwambo wathu, ndipo sindiunyoza ayi. Koma moni umodzi wochokera pansi pa mtima ukwanira. Pambuyo pake wolankhula atchule chosowa chimodzi, chooneka ndi maso: mwana amene malungo amuthera magazi, zikhatho zili mbuu, mayi wake atakhala pansi pambali pa bedi kudikira thumba la magazi limene silinafike. Asawonjezerepo za kubzala mitengo kapena kusesa pamsika, ngakhale nazo nzabwino, popeza mapanga awiri avumbwitsa.

Koma chofunika koposa ndicho kuyankha mantha amene wophunzira sangawatchule pagulu. Ife amene tikumbukira mphekesera za anamapopa, zimene zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi madera oyandikana nawo mu 2017, sitiyenera kudabwa ngati mnyamata wa Fomu 3 abisa mkono wake kumbuyo, pokumbukira zimene agogo ake anamuchenjeza. Wolankhula wanzeru asaseke mantha otere, koma anene poyera kuti amatenga magazi okwana mamililita 450, osakwana theka la lita, pa malita ngati asanu amene munthu wamkulu ali nawo. Kuti thupi limabwezeretsa lokha. Kuti singano ndi yatsopano kwa munthu aliyense. Ndi kuti wosakwana zaka 16 saloledwa. Ndipo ngati pasukulupo alipo mtsikana amene anaperekapo kale, mlendo ampatse mphindi imodzi mwa zisanuzo, chifukwa anzake, amene amadya naye nsima mbale imodzi namuona akuthamanga pabwalo la mpira ali bwinobwino, adzamvera iye koposa bambo wa tayi.

Potsiriza atchule tsiku, ola ndi chipinda choperekera magazi, nawakumbutse ophunzira kudya asanabwere. Amene wakana asachititsidwe manyazi pamaso pa anzake, ngakhale ndi diso lokha, pakuti ena ali ndi zifukwa za m'thupi zimene sangaziulule pa asembule. Ameneyo apemphedwe kunyamula mipando kapena kulemba maina a obwera tsikulo.