Lord Carrington ndi Mlandu wa Nthaka

Mfumu imene yaletsa ndeu koma osaweruza za malire a munda yangoyamba cabe nchito yake. Umu ndi m'mene tiyenera kuyesera nchito ya a Lord Carrington, nduna ya za kunja ya Britain, amene anatsogolera msonkhano wa ku Lancaster House mu London kuyambira pa 10 September kufikira pa 21 December 1979.

Tisawamane ulemu wao. Anakhazika pamodzi a Joshua Nkomo, a Robert Mugabe, Bishopu Abel Muzorewa ndi a Ian Smith, ndipo nkhondo ya ku Rhodesia inatha. Nafenso a mu Zambia tinapuma, pakuti asilikali a Rhodesia anali ataphulitsa milatho yathu ndi kupha anthu ambiri pa msasa wa Chikumbi mu 1978. Komabe tisaiwale kuti njira ya ku London inalambulidwa muno mu Lusaka, pa msonkhano wa Commonwealth wa mu August 1979, umene a Kenneth Kaunda anali wapampando wake.

Colakwa cinali pa nthaka. Panganolo linacinjiriza minda ya Azungu kwa zaka 10, kotero kuti boma la Zimbabwe linayenera kudikira mwini munda wofuna kugulitsa. Ambiri amene anamenyera nthakayo anakhalabe pa minda yaing'ono yoguga, ndipo mu 2000 mkangano unabukanso ndi ciwawa.

Makolo anati mlandu suola. Aliyense woyanjanitsa anthu, kaya ndi nduna kaya ndi nyakwawa, ayambe wafunsa cimene anakanganirana, asanawauze kuti agwirane canza.