MWAYE WA KANDULO: WOLAKWA NDANI?

Anzanga ambiri pasukulu pano amasungunula zidutswa za makandulo ndi kuzithira m'kachitini, kuti apeze chowerengera magetsi akazima. Nzeru imeneyi njabwino ndithu. Koma kandulo ikayamba kufuka, onse amadzudzula phula. Ine ndikuti wolakwa ndiye mwini kanduloyo.

Mwaye ndiwo kaboni wa m'phula amene sanapse chifukwa cha kuchepa kwa mpweya. Michael Faraday anaonetsa zimenezi kwa ana a ku London m'chaka cha 1860.

Choyamba ndi chingwe. Chikatalika kapena kunenepa, chimakoka phula lambiri loposa limene lawi lingathe kutentha. Tizichidula, chitsale mamilimita 6 okha. Chachiwiri ndi chitini chimene. Chikakhala chakuya ndi chopapatiza kukamwa, mpweya sulowa wokwanira, ndipo lawi limabanika. Chachitatu ndi mphepo ya pazenera, imene imagwedeza lawi mpaka kaboni athawe asanapse. Chachinayi ndi zinyalala, monga mitu ya machesi yogwera m'phula, imene imayaka ngati chingwe chachiwiri.

Wina adzati, "Kodi kautsi n'kanthu?" Inde, n'kanthu. Mwaye umene uli kudetsa makope ndi makoma ndi womwewo uli kulowa m'mapapo mwathu. M'chipinda chogona tiri ambiri, ndipo mnzathu wodwala mphumu amatsokomola usiku wonse chifukwa cha ulesi wa munthu mmodzi.

Tsono anzanga, kudula chingwe sikulira ndalama. Amene sangathe kusamala kandulo yake agone msanga, awerenge kukacha.

Wophunzira wa Fomu 3