Kodi Mukudziwa? Mwala Wamoyo

M'nyanja ya mchere ku Pemba ndi ku Inhaca muli miyala ina yanthambi ngati mtengo, ina yozungulira ngati ubongo. Dzina lake ndi korali. Si mwala wamba ayi, koma tizilombo ting'onoting'ono tomanga nyumba za laimu. Mungamuzindikire ndi timabowo take tonga nyenyezi.

Ena amamuweta m'nyumba, m'bokosi lagalasi. Amafuna madzi amchere, kuwala kokwanira ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 25. M'Nyanja ya Niassa sangakhalemo.

Madzi atatentha mu 1998, korali wambiri wa kumpoto anayera n'kufa. Nsomba zimabisala ndi kudya m'menemo. Tsono wina akamakutsatsani chidutswa choyera chouma, dziwani kuti ndi mafupa chabe. Musagule, mungaphwasulitse mudzi wa nsomba.