Pa bolodi palibe batani lobwezera

Loweruka lapitali ndinakhala kuseri kwa kantemba ku Chawama, pomwe madala amasonkhana kusewera drafti. Bolodi lake ndi chidutswa cha thabwa chojambulidwa ndi penti, asilikali ake ndi zitsekerero za Mosi, wina zoyang'ana kumwamba, mnzake zovundikira. Panabwera mnyamata wotchuka kuti pa foni sagonja, n'kukhala moyang'anizana ndi mdala wosoka nsapato. Masewera atafika pakati, mdala uja anakankha chitsekerero chimodzi ngati waphonya. Mnyamata anadya akumwetulira. Mdala anadya zitatu motsatizana n'kukalowa kingi. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

"Pepani madala, tabwezani pang'ono," anatero mnyamata.

"Ndibweze chiyani, mwana wanga? Sunalakwe pano iwe. Unalakwa muja unatsegula kumbuyo."

Mdalayo ananena zoona. Mu drafti kudya n'kokakamiza, choncho nyambo ikaponyedwa sungaikane. Mlandu wa mnyamatayo unali wakale: anathamangitsa zitsekerero zake kutsogolo, n'kusiya mipata pakati pawo, mzere wakumbuyo uli pululu. Wosewera wabwino amayenda ndi gulu lothithikana, amagwira pakati pa bolodi, ndipo sasuntha alonda akumbuyo popanda chifukwa. Zimenezi foni siikukakamiza kuphunzira. Imakuunikira poti upite, imakuuza ukafunika kudya, ndipo ukalakwa umadina batani n'kubwerera. Munthu wozolowera kubweza saphunzira kuwerenga.

Sindikunena kuti kompyuta n'njofooka. Mu 1997 kompyuta ya Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, katswiri wa chess wa dziko lonse. Mu 2007 gulu la Jonathan Schaeffer ku University of Alberta linatsimikiza kuti drafti ya malamulo a ku England, onse awiri akasewera osalakwitsa, imathera osapambanana. Makinawa amatigonjetsa tonse. Koma mdani amene satopa, sachita mantha ndiponso sanyengeka sangakuphunzitse kuwerenga nkhope ya munthu, kapena kupirira anthu khumi akukuseka kumsana.

Anyamata a ku Kanyama ndi ku George andiuza kuti nkhondo yeniyeni ili mu PUBG Mobile ndi Call of Duty. N'zosangalatsa, sinditsutsa. Koma mmenemo iwe ndiwe msilikali mmodzi wothamanga ndi mfuti, ndipo chopambanitsa ndi liwiro la chala ndi intaneti yosadukiza. Pa bolodi ndiwe mkulu wa asilikali. Akuluakulu a nkhondo a ku Prussia anazindikira izi kalekale: mu 1824 Georg von Reisswitz anawaonetsa Kriegsspiel, masewera a mapu ndi timatabwa tofiira ndi tabuluu, okhala ndi woweruza amene ankauza mbali iliyonse zokhazo zimene asilikali ake akanaona. Ankhondo anawalandira ngati chida chophunzitsira.

Zidzukulu za masewerawo zilipo, ndipo ziwiri ndingazivomereze kwa aliyense amene drafti yamukwana. Memoir '44, ya Richard Borg, inatuluka mu 2004 ndipo imatengera nkhondo za ku Normandy. Ukoma wake uli pa makadi: ndiwo amanena ngati ulamula asilikali a kumanzere, a pakati kapena a kumanja. Umatha kuona ngozi ndi maso koma wopanda khadi loyenera, basi n'kuphunzira kusunga lina la mawa. Yachiwiri ndi Twilight Struggle ya mu 2005, ya anthu awiri, wina America wina Soviet Union, kulimbirana mayiko kuyambira 1945 mpaka 1989. Pa mapu ake pali Angola, Zaire ndi Zimbabwe, koma dzina la Zambia mulibe, nkhani imene ingautse mkangano wokoma pa benchi. Masewera onsewa alinso pa kompyuta, koma kumeneko makina ndiwo amakuwerengera zonse. Pa tebulo malamulo umawasunga m'mutu, ndipo wokonda kubera amagwidwa ndi anzake.

Ndikudziwa kuti mabokosi amenewa ndi okwera mtengo kwa munthu wa mu komboni. Koma bokosi limodzi pa sukulu kapena pa holo ya tchalitchi ku Matero lingatumikire ana ambiri kwa zaka, osafuna bandulo. Tonse tikukumbuka 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi akumathima pafupifupi tsiku lonse: mashopu a PlayStation ankangokhala zii, koma zitsekerero zinkalirabe pa thabwa. Ndipo dziko lino lili ndi umboni kuti bolodi limafikitsa patali. Amon Simutowe anakhala Grandmaster wa chess mu 2009, woyamba kuchokera ku Africa ya kumwera kwa Sahara.

Langizo langa kwa mnyamata wa ku Chawama ndi ili: foni ikhale yoyeserera usiku, yofufuzira pomwe unatayira masewera, ndipo batani lobwezera ulisale ngati ndiwo zoletsedwa. Mayeso enieni ali pa benchi. Pochoka ndinamuona akutola zitsekerero n'kuzindandalitsanso. Ulendo uno anakhala nthawi yaitali dzanja lili pachibwano asanakhudze chilichonse, mdala uja n'kuika nsapato pansi.