Dzina loti COVID silikubisa chiwembu chilichonse

Pali uthenga wina umene ukuzungulirabe pa WhatsApp. Akuti COVID ndi chidule cha "Certificate of Vaccination ID", ndiye kuti nthendayi anachita kuipeka n'cholinga choti anthu abayidwe katemera mokakamiza ndi kulembedwa m'kaundula. Ili ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo chotidandaulitsa n'chakuti ngakhale anthu ophunzira akulitumiza m'magulu a mpingo ndi a makolo osaliunika n'komwe.

Dzina loti COVID-19 linalengezedwa ndi bungwe la WHO ku Geneva pa 11 Febuluwale 2020. CO ndi corona, VI ndi virus, D ndi disease, kutanthauza nthenda, ndipo 19 ndi chaka cha 2019 pamene inabuka ku Wuhan, m'dziko la China. Tsiku limenelo katemera wake kunalibe. Dziko la Britain linayamba kubaya anthu mu Disembala 2020. Ngakhale mawu oti coronavirus si adzuloadzulo. Akatswiri a sayansi anawapanga mu 1968 kuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chisoti chachifumu, poona maonekedwe a kachilomboko.

Mabodza ena a mtundu womwewu sachedwa kugwa. Liwu loti news si chidule cha North, East, West, South. Linachokera ku new, chatsopano. Liwu loti police nalonso si chidule: linafika m'Chingerezi kudzera m'Chifalansa, ndipo gwero lake ndi polis, liwu la Chigiriki lotanthauza mzinda.

Zimenezo zingangolepheretsa mwana mayeso, koma bodza lokhudza matenda limapha. Kodi taiwala kale? Edzi itafika, ena ankaseka kuti AIDS ndi "American Idea to Discourage Sex", n'kumanyozera uphungu wa achipatala. Maliro amene tinaika m'zaka za m'ma 1990 ndi umboni wokwanira. Mu Meyi 2021 boma linawotcha ku Lilongwe katemera wa AstraZeneca woposa 19,000 atatha mphamvu. N'zoona kuti anafika masiku ake atatsala ochepa, komabe mantha obwera ndi mphekesera anachititsa kuti ambiri azengereze kukabayitsa.

Aliyense angathe kutola zilembo za liwu n'kuzipekera chiganizo choopsa, ndipo kukhala m'Chingerezi sikuchisandutsa choonadi. Aphunzitsi, abusa ndi atsogoleri a magulu, anthu amakhulupirira zimene mwatumiza chifukwa amakukhulupirirani inuyo. Tsegulani dikishonale kapena funsani wazaumoyo kaye. Uthenga wosanena kumene wachokera uzithera pafoni panu.