Analima Ndi Amai, Anakolola Ndi Ena

Akuluakulu a m'maboma a m'malire muno amene ankatchera wailesi ya ku Zambia m'zaka za m'ma 1970 akukumbukira kulira kwa gitala ya Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, gitala yamagetsi yolira mokalipa ngati ikukangana ndi ng'oma. Chamba chimenechi ndicho chimatchedwa rock, ndipo chinachokera ku America. Munthu akafunsidwa kuti anayambitsa chambachi ndani, maina amene amafulumira pakamwa ndi a abambo okhaokha: Elvis Presley, Chuck Berry, Little Richard. Komatu mbiri yake ikafukulidwa bwinobwino, pansi pake pamapezeka amai amene analima mundawo, ena nkudzakolola.

Woyamba kutchulidwa ayenera kukhala Sister Rosetta Tharpe, mai wachikuda amene anabadwa m'chaka cha 1915 ku Cotton Plant, m'chigawo cha Arkansas. Iyeyu anayamba kuimba gitala m'tchalitchi ali kamwana, akuyenda ndi mai ake amene anali mlaliki. Pofika 1938 anali atayamba kujambula nyimbo ku kampani ya Decca, ndipo m'chaka cha 1944 anajambula nyimbo yotchedwa Strange Things Happening Every Day, imene akatswiri ambiri amaiwerengera m'gulu la nyimbo zoyambirira za rock and roll. Nthawi imeneyo nkuti Elvis Presley ali ndi zaka 9 zokha. Mai yemweyu ndiye anakweza Little Richard pa nsanja m'chaka cha 1947 mumzinda wa Macon, mnyamatayo ali ndi zaka 14, namulipira ndalama. M'chaka cha 1964 anaimba pa siteshoni yakale ya sitima ku Manchester mvula ikugwa, achinyamata a ku England ali kukamwa yasa.

Akuluakulu amati kugona pakati nkuyambirira, koma kwa mai Tharpe mwambiwu sunagwire ntchito. Anamwalira m'chaka cha 1973 ku Philadelphia, ndipo manda ake anakhala zaka zoposa 30 opanda mwala wolembedwa dzina, kufikira pamene anthu okonda nyimbo zake anasonkha ndalama nkuugula.

Wina ndi Big Mama Thornton wa ku Alabama. M'chaka cha 1952 anajambula nyimbo yotchedwa Hound Dog, imene anyamata awiri, Jerry Leiber ndi Mike Stoller, anamulembera iyeyo. Itatuluka m'chaka cha 1953 inakhala pa nambala 1 kwa milungu 7 pa mndandanda wa nyimbo za anthu akuda. Mwini wake ankanena kuti zonse zimene analandira pa nyimboyo ndi madola 500 basi. M'chaka cha 1956 Elvis Presley anaiimbanso, mbale zake zinagulidwa mamiliyoni, ndipo mpaka lero anthu ambiri amaiyesa nyimbo ya Elvis. Mai Thornton anamwalira ali wosauka ku Los Angeles m'chaka cha 1984.

Zoterezi sizinkachitika mwangozi ayi. Masiku amenewo ku America kunali tsankho loti nyimbo za anthu akuda zinkakhala ndi mndandanda wakewake, ndipo mawailesi akuluakulu ankakonda kuulutsa mau a mzungu. Kuonjezera apo, eni makampani ojambula nyimbo, osankha nyimbo pa wailesi ndiponso olemba nkhani za oimba, pafupifupi onse anali abambo. Ndalama za nyimbo zimatsata dzina limene lalembedwa pa pepala la mgwirizano, ndiye woimba amene sanadziwe zimene akusainira ankangolandira kangachepe kamodzi, zotsalazo nkumapita kwa ena chaka ndi chaka. Mai wachikuda anali ndi mitolo iwiri pamutu: khungu lake ndi umai wake.

Pakati pa zaka za m'ma 1970 kunabuka chamba china chotchedwa punk ku New York ndi ku London. Nyimbo zake zinali zazifupi, zothamanga ndi zaphokoso, ndipo mfundo yake inali yakuti munthu asadikire kukhala katswiri kapena kupatsidwa chilolezo, angotenga chida nkuyamba. Khomo limeneli litatseguka pang'ono, atsikana analowa. Patti Smith anatulutsa chimbale chake Horses m'chaka cha 1975. Ku London, mtsikana wina amene bambo ake anali a ku Somalia, wodziwika ndi dzina loti Poly Styrene, ataonera gulu la Sex Pistols m'chaka cha 1976 anaika chidziwitso m'nyuzipepala kufuna anzake oimba nawo, nayambitsa gulu la X-Ray Spex. Iyeyu ankakwera pa nsanja ali ndi mawaya oongola mano mkamwa, osalabadira zoti woimba wamkazi ayenera kuoneka ngati chidole, ndipo nyimbo zake zinkadzudzula mchitidwe woyesa munthu ngati katundu wa m'sitolo. Chaka chomwecho kunabadwa gulu la atsikana la The Slits, woimba wake Ari Up ali ndi zaka 14.

Koma ngakhale mu punk momwemo, mmene ankati aliyense ndi wolandiridwa, atsikanawa anakumana nazo. A The Slits ankatukwanidwa ndi kumenyedwa m'misewu kaamba ka mavalidwe awo, ndipo Ari Up anabayidwapo ndi mpeni. Pa zoimbaimba, anyamata ankakankhana ndi kugundana kutsogolo kwa nsanja mwakuti atsikana ankathawira kumbuyo. Nchifukwa chake gulu la Bikini Kill, limene linayamba m'chaka cha 1990 ku Olympia m'chigawo cha Washington, linkaitana atsikana kuti abwere kutsogolo, anyamata asunthire kumbuyo. Mtsogoleri wake Kathleen Hanna ndi anzake ankalembanso timanyuzipepala tawotawo nkumagawa pamanja, poona kuti manyuzipepala akuluakulu ankalemba zambiri za nkhope ndi zovala zawo kusiyana ndi nyimbo zawo.

Umboni wakuti anthu ankafuna nyimbo za amai unalipo. M'chaka cha 1982 gulu la The Go-Go's linafika pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale ku America, kukhala gulu loyamba la akazi okhaokha, odzilembera nyimbo ndi kudziimbira zida, kuchita zimenezi. Chaka chomwecho Joan Jett anakhala pa nambala 1 kwa milungu 7, chonsecho makampani ambiri anali atamukana poyamba mpaka iye nkutsegula kampani yakeyake ya Blackheart Records.

Nanga ulemu unabwera liti? Ku America kuli bungwe lolemekeza akatswiri a chambachi lotchedwa Rock and Roll Hall of Fame, limene nyumba yake ili ku Cleveland. Pa oimba 10 oyamba kulemekezedwa m'chaka cha 1986 panalibe mai ndi mmodzi yemwe. Aretha Franklin ndiye anali mai woyamba, m'chaka cha 1987. Johnny Cash polandira ulemu wake m'chaka cha 1992 anatchula Rosetta Tharpe kuti ndi woimba amene ankamukonda kwambiri ali mwana, komabe bungwelo linadikira mpaka 2018 kuti limulowetse, zaka 45 ali m'manda. The Go-Go's analowa mu 2021, ndipo Big Mama Thornton mu 2024, zaka 40 chimwalirireni. M'chaka cha 2023 mmodzi mwa oyambitsa bungweli, Jann Wenner, anatulutsa buku la macheza ake ndi akatswiri 7 a rock, onse abambo achizungu. Atafunsidwa chifukwa chake, yankho lake linanyoza nzeru za oimba achikazi ndi achikuda, ndipo anachotsedwa mu komiti ya bungwelo. Apa anthu anaona poyera maganizo a ena mwa amene ankagwira makiyi a khomo kwa zaka zonsezo.

Nkhaniyi ndi ya kutali, koma fungo lake silachilendo ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Macanga. Nyimbo za pamtondo ndi za chintali amapeka ndi amai, koma nkovuta kupeza munthu wotchula dzina la mai amene anapeka nyimbo yakutiyakuti. Mnyamata akakhoma gitala ya chigubu anthu amati ali ndi luso, pamene mlongo wake akaigwira ena amayamba kunong'onezana kuti mwanayu walowerera.

Pali zinthu zitatu zimene mbiri ya amai a rock ikuphunzitsa. Kholo limene mwana wake wamkazi ali ndi dzanja la gitala kapena la ng'oma limuleke aphunzire, monga anachitira mai ake a Rosetta Tharpe. Gulu limene latenga nyimbo kwa mai wa m'mudzi kukaijambula litchule dzina lake ndi kumupatsa gawo lake. Ndipo woimba aliyense, makamaka wamkazi, asasaine pepala limene sanalimvetse, ayambe wapeza munthu wokhulupirika womuwerengera. Mwala wa pamanda ndi chinthu chabwino, koma mwini nyimbo amafuna kumva dzina lake likutchulidwa akadali ndi makutu.