Chiwongolero chikalimba, chikulankhula

Tsiku lina tikuwoloka Shire pa Chiromo m'boti la amalume, chiwongolero chinangoti pepuu, n'kumazungulira chokha. Injini ikulira bwinobwino, koma boti osakhota. Waya wochoka kuchiwongolero kupita kuinjini anali ataduka. Madzi anayamba kutikokera kumunsi, ndipo paja Shire ndi kwawo kwa ng'ona ndi mvuu. Tinapulumukira nkhafi ziwiri.

Madzulo amalume anandionetsa wayayo. Ndi timawaya tambirimbiri topota pamodzi, ndipo timaduka kamodzikamodzi pamalo opindika, dzimbiri n'kudzamalizitsa.

"Mphwanga, chinayamba kale kulimba ichi, ine n'kumangokakamiza," anavomera.

Kuyambira pamenepo, mwezi uliwonse ndimayendetsa kansanza pawaya yense. Kakakodwa penapake, basi kawaya kaduka. Osalumikiza ayi: chotsani yenseyo, muike watsopano wotalika chimodzimodzi. Mawilo amene wayayo amadutsamo apakeni girisi. Mukamaliza, yesani kukhotetsa mbali zonse muli pagombe, chifukwa mukasemphanitsa nsonga zake, mudzakhotera kumanja boti likupita kumanzere.

Nanunso okwera, musanalipire suzumirani m'botimo. Ngati mulibe nkhafi, dikirani lina.